Phula la m'khutu: vuto lotha m'mphindi zochepa, koma thandizo likadali kutali

Zimayamba ngati zocheza. Mwasamba m'mawa, madzi alowa m'khutu, ndipo potuluka m'bafa mukumva ngati wina wakutsekani khutu ndi chala. Mawu anu omwe akumveka ngati mukulankhulira mumtsuko. Foni ikalira mukuisamutsira kukhutu linalo. Pofika madzulo mwayesa kale chilichonse chomwe chinali pafupi: chala, kamtengo ka machesi, chivindikiro cha bolopeni, nthenga ya nkhuku, mwinanso kiyi wa nyumba. Khutu lili chitsekekere, ndipo tsopano layamba kupweteka.

Kawirikawiri chomwe chatseka khutu lotere ndi phula la m'khutu, lomwe ambiri timangoliti litsiro. Kwa wachipatala wophunzitsidwa bwino, kulichotsa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Sipafunika opaleshoni, kugonekedwa kapena mankhwala odula. Komabe alipo ana omwe amatha teremu yonse osamva bwino aphunzitsi, ndi agogo omwe abale anawaweruza kale kuti agontha ndi ukalamba, pomwe vuto ndi phula lomwe palibe analiona.

Chaka chilichonse pa 3 Malichi dziko lapansi limakumbukira tsiku la kumva, ndipo uthenga umodzi womwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaperekapo pa tsikuli ndi woti mavuto ambiri a makutu angathe kuthera pachipatala chaching'ono. Phula la m'khutu ndi muyeso wabwino wa uthengawu. Ngati vuto losavuta chonchi likulephera kuthera pafupi ndi kwathu, ndiye kuti pali pomwe pakudontha.

Kodi phula la m'khutu ndi litsiro?

Ayi. Thupi limalipanga dala. Ngalande ya khutu ya munthu wamkulu ndi yotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, kuchokera pakhomo pa khutu kukafika pa kanembanemba kopyapyala komwe ena amakatcha ng'oma ya khutu. Kanembanembaka ndi komwe kamanjenjemera mawu akalowa, n'kuwatumiza mkati. Phula limapangidwa chakukhomo kwa ngalandeyi, osati mkati mwenimweni. Ndi msakanizo wa mafuta otuluka m'khungu ndi tizidutswa ta khungu lakufa.

Ntchito yake ndi yaulonda. Limakola fumbi ndi tizilombo touluka kuti tisafike pa kanembanemba. Limadzoza khungu la m'ngalande kuti lisaume ndi kusweka. Lilinso ndi asidi pang'ono yemwe amalepheretsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana. Munthu amene amakokota phula lonse tsiku ndi tsiku ndiye amadandaula kwambiri za kuyabwa m'khutu, chifukwa khungu lasiyidwa lopanda chofunda.

Khutu limadziyeretsanso lokha. Khungu la m'ngalande limakula cholowera kunja, pang'onopang'ono, ndipo limanyamula phula lakale n'kukalitaya pakhomo. Kutafuna ndi kulankhula kumagwedeza ngalandeyo ndi kuthandiza ulendowu. Phula likafika pakhomo limauma n'kugwa, kapena limachoka posamba.

Mtundu wa phula usakuopseni. Limatha kukhala lachikasu, lofiirira kapena lakuda ndithu likakhalitsa. Anthu ambiri a mu Africa ndi ku Ulaya ali ndi phula lonyowa ndi lomata, pomwe ambiri a kum'mawa kwa Asia, monga ku China, Korea ndi Japan, ali ndi louma lotuwa. Kusiyanaku ndi kwa chibadwa, sikukhudzana ndi ukhondo.

Nanga limatseka bwanji khutu?

Chifukwa chachikulu ndi ife eni. Timitengo ta thonje tomwe timagula m'sitolo, machesi ndi zina zotere zimachotsa phula lochepa lomwe timaliona pansonga, koma lambiri zimalikankhira mkati, kumalo komwe thupi silipanga phula ndipo kuli kovuta kulitulutsa. Kuchita zimenezi tsiku ndi tsiku kuli ngati kutsendera fodya m'kaliwo. Phula limagwirana, limauma, n'kusanduka chitsekero.

Zovala m'khutu nazo zimathandizira. Mahedifoni ang'onoang'ono olowetsa m'khutu, omwe achinyamata ndi anthu ogwira ntchito pafoni amakhala nawo maola ambiri, amatseka njira yomwe phula limatulukira. Chimodzimodzinso zipangizo zothandiza kumva ndi zotsekera m'makutu zomwe amavala ogwira ntchito paphokoso.

Ena ndi chilengedwe chabe. Pali anthu obadwa ndi ngalande yopapatiza kapena yokhota kwambiri. Ena ali ndi cheya chambiri m'khutu. Munthu akamakalamba phula limauma kwambiri ndipo silitsetsereka msanga.

Ambiri amadabwa kuti khutu latsekeka mwadzidzidzi atasamba kapena atasambira kunyanja. Zoona zake n'zakuti phulalo linalipo kale, koma panali kampata kakang'ono komwe mawu amadutsa. Madzi atalowa, phula linafufuma n'kutseka kampatako.

Zizindikiro zake ndi kumva movutikira, khutu kulemera ngati ladzaza madzi, kulira kwa m'khutu ngati nyenje, kuyabwa, kupweteka pang'ono ndi chizungulire nthawi zina. Ena amatsokomola, chifukwa mtsempha wina wa m'ngalande ya khutu ndi wolumikizana ndi wa kukhosi.

Vutoli ndi lalikulu bwanji?

Malangizo omwe bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi la ku America linatulutsa m'chaka cha 2017 akuti phula lotseka khutu limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 10 alionse, mwa munthu wamkulu mmodzi pa anthu 20 alionse, komanso mwa okalamba oposa mmodzi pa atatu alionse.

Kuno ku Africa chithunzi chake ndi cholemera. M'chaka cha 2016, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Wakisa Mulwafu, dokotala woyamba wa Chimalawi wa makutu, mphuno ndi pakhosi, linaunika kafukufuku wosiyanasiyana yemwe anachitika m'maiko a mu Africa pa zomwe zimachititsa anthu kusamva bwino. Linapeza kuti matenda a mkatikati mwa khutu ndiwo anali patsogolo, ndipo phula lotseka khutu linali gwero la vutoli mwa anthu pafupifupi 24 pa 100 alionse. Kunena kwina, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi omwe anapezeka ndi vuto la kumva akanatha kuthandizidwa tsiku lomwelo.

Ziwerengerozi zili ndi nkhope. M'Chichewa mawu oti "wosamva" ali ndi matanthauzo awiri, ndipo mwana yemwe khutu lake latsekeka amagwa m'tanthauzo lolakwika. Amayi amuitana kawiri katatu osayankha, akuti ndi mwano. Mphunzitsi wafunsa funso, iye wangoti kakasi, akuti ndi wogona. M'kalasi la ana ochuluka, pomwe wokhala kumbuyo amavutika kale kumva, mwana wotere amatsalira pa kuwerenga ndi kulemba popanda wodziwa chifukwa chake.

Kwa okalamba, mawu oti "ndi ukalamba" amatseka nkhani isanayambe. Agogo amasiya kuyankha pamacheza, amasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti chifukwa sakumva ulaliki, amakhala okha pakhonde. Ukalamba umachepetsadi kumva, ndipo kafukufuku yemwe anachitika m'boma la Ntcheu anapeza kuti anthu oposa mmodzi pa atatu alionse a zaka 50 kupita m'tsogolo anali ndi vuto la kumva. Koma phula likawonjezera pa vuto lomwe lilipo kale, munthu yemwe amamva pang'ono amasiyiratu kumva. Kuchotsa phulalo kumam'bwezera gawo lomwe silinayenere kutayika.

Si khutu lililonse lotsekeka lomwe lili ndi phula

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Munthu sangathe kuona m'khutu mwake, ndipo mnzake woyang'ana ndi tochi ya foni amangoona pakhomo. Matenda angapo amayamba ndi chizindikiro chofanana, ndipo mankhwala a limodzi akhoza kukhala poizoni pa linzake.

Chimfine chimatseka kanjira kolumikiza mkati mwa khutu ndi kuseri kwa mphuno, ndipo khutu limamveka lodzaza. Ndi zomwe zimachitikanso potsika mapiri a Chiweta kapena potsetsereka kupita ku Chikwawa: mukameza malovu kapena kuyasamula, khutu limatseguka. Pamenepa phula lilibe mlandu.

Mwa ana, madzi amatha kuunjikana kuseri kwa kanembanemba pambuyo pa chimfine, n'kukhala milungu ingapo. Palinso matenda a khutu lotuluka mafinya, omwe ndi ofala kuno kwathu. Khutu lotere nthawi zambiri limakhala ndi kanembanemba koboola, ndipo chilichonse chomwe mwathira chimalowa mkati mwenimweni.

Mwana akhoza kukhala kuti analowetsa nyemba, njere ya chimanga, mkanda kapena kamwala. Mbewu zikathiridwa madzi zimafufuma ndi kukanirira. Choopsa kwambiri ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka m'wotchi kapena m'zidole. Kamawotcha mnofu m'maola ochepa, ndipo madzi amawonjezera kuwotchako. Mwana wotere apite kuchipatala nthawi yomweyo, osathiridwa kanthu.

Mankhwala ena amphamvu amakhudza kumva, monga quinine, gentamicin, streptomycin ndi amikacin. Ngati khutu layamba kulira kapena kutsekeka muli pa mankhwala otere, uzani achipatala msanga, koma musasiye mankhwala mwa inu nokha.

Palinso vuto lomwe anthu ambiri salidziwa: khutu limodzi kusiya kumva mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku atatu, chifukwa cha kuwonongeka kwa mbali ya mkati yomwe imatumiza mawu ku ubongo. Munthu amadzuka khutu lili zii, amaganiza kuti ndi phula, n'kuyamba kudikira. Madokotala amapereka mankhwala a mtundu wa steroid pa vutoli, koma mwayi wochira umakhala waukulu akayambidwa m'masiku oyambirira, ndipo umachepa kwambiri pakatha milungu iwiri. Kudikira kuti phula lituluke lokha, pomwe phula mulibe, kukhoza kutayitsa khutu mpaka kalekale.

Choncho pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati khutu lasiya kumva mwadzidzidzi, ngati likupweteka kwambiri, ngati mukutuluka mafinya kapena magazi, ngati thupi latentha, ngati kuseri kwa khutu kwatupa, ngati chizungulire chikukugwetsani, kapena ngati mbali imodzi ya nkhope yafooka. Odwala matenda a shuga ndi omwe chitetezo cha m'thupi chinatsika asachedwe ngakhale ululu uli wochepa, chifukwa mwa iwo matenda a m'ngalande ya khutu amafalikira msanga.

Kuchipatala amatani?

Choyamba amafunsa mafunso, ndipo muyankhe zoona. Kodi khutu linatulukapo mafinya? Munachitidwapo opaleshoni ya khutu? Munauzidwapo kuti kanembanemba kanabooka? Kodi khutu linalo limamva? Muli ndi shuga, kapena mukumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin? Mwalowetsamo kapena kuthiramo chiyani? Musachite manyazi kutchula machesi kapena mankhwala azitsamba. Mayankho amenewa ndi omwe amasankha njira yoyenera.

Kenako amaunika m'khutu ndi kachipangizo kokhala ndi getsi ndi galasi lokuza zinthu, kotchedwa otoscope. Sikapweteka ndipo sikatenga mphindi. Kuunikaku ndiko kumasiyanitsa phula ndi matenda ena onse atchulidwa pamwambapa.

Akapeza phula, pali njira zitatu. Yoyamba ndi kulifewetsa ndi mankhwala odontheza m'khutu, monga mafuta a olivi kapena madontho a sodium bicarbonate. Nthawi zambiri amalangiza madontho awiri kapena atatu, katatu kapena kanayi patsiku, kwa masiku atatu mpaka asanu. Kwa anthu ambiri izi zokha zimakwanira, phula limatuluka lokha. Kuunika kwa bungwe la Cochrane kwa m'chaka cha 2018 kunapeza kuti kudontheza kwa masiku asanu kumathandiza kuposa kungokhala, koma sikunapeze umboni woti mtundu wina wa madontho umaposa unzake. Palibe chifukwa chogulira botolo lodula kwambiri.

Njira yachiwiri ndi kutsuka ndi madzi. Wachipatala amapopera madzi oyera m'mbali mwa ngalande, osalunjika pa kanembanemba, kuti madziwo azungulire kuseri kwa phula n'kulikankhira kunja. Madziwo ayenera kukhala ofunda ngati thupi, pafupifupi madigiri 37. Akazizira kapena kutentha kwambiri munthu amachita chizungulire ndi nseru. Njirayi siyenera pa khutu loboola, lotuluka mafinya, lochitidwapo opaleshoni, kapena ngati khutulo ndi lokhalo lomwe munthu amamvera. Mukamva ululu pamene akutsuka, nenani kuti aime.

Njira yachitatu ndi kulikoka ndi tizitsulo tapadera kapena kuliyamwa ndi makina, wachipatala akuona bwino mkati. Imeneyi ndi yomwe imayenera anthu omwe madzi sangalowetsedwe m'khutu mwawo, ndipo imapezeka makamaka komwe kuli ogwira ntchito ophunzira za makutu.

Phula louma ngati mwala silichoka tsiku limodzi. Akakuuzani kuti mukadontheze kaye ndipo mubwerenso pakatha masiku angapo, sikuti akukuthamangitsani. Kukakamiza phula louma kumang'amba khungu. Dziwaninso kuti masiku oyamba akudontheza khutu limatha kutsekeka kwambiri chifukwa phula likufufuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phula likachoka koma kumva osabwerera, musakhutire. Pemphani kuti akuyezeni kumva, chifukwa ndiye kuti pali vuto lina lomwe phulalo linkabisa.

Kunyumba mungachite chiyani?

Pukutani kunja kwa khutu kokha ndi kansalu koyera konyowa. Mkati musiyemo.

Ngati achipatala aunika ndi kukupatsani madontho, fumbatani botolo m'manja kwa kanthawi kuti lifunde, gonani chammbali khutu lodwala lili m'mwamba, donthezani, ndipo mukhale choncho mphindi zisanu mpaka khumi. Mukadzuka pukutani zotuluka. Musatsekemo thonje louma, chifukwa limamwa mankhwalawo.

Pali zinthu zoti zisayandikire khutu. Mafuta otenthetsa pamoto amawotcha. Palafini, mafuta a galimoto, madzi a masamba ofinya, mkaka wa m'mawere ndi mankhwala a m'maso kapena a pabala omwe anatsala m'nyumba akhoza kuyambitsa matenda kapena kuwononga mkati ngati kanembanemba kali koboola. Machesi, nthenga, mapini a m'tsitsi ndi makiyi amakanda khungu ndipo akhoza kuboola kanembanemba, makamaka mwana akakugundani mkono mwangozi.

Pa Facebook ndi TikTok pakuyenda malonda a zipangizo zochotsera phula: tina tozungulira ngati sikulu, tina tokhala ndi kamera yolumikiza kufoni, komanso makandulo oboola pakati omwe amayatsidwa ali m'khutu. Za makandulowa, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linachenjeza kale m'chaka cha 2010 kuti amawotcha nkhope ndi khutu, ndipo palibe umboni woti amakoka phula. Zakuda zomwe amakuonetsani akang'amba kandulo ndi zotsalira za kanduloyo. Kamera nayo imakuonetsani phula, koma sikuphunzitsani dzanja kuti liime pati.

N'chifukwa chiyani thandizo lili kutali?

Kuuza anthu kuti apite kuchipatala n'kosavuta. Funso ndi lakuti akafika kumeneko apeza chiyani.

Lipoti la WHO la m'chaka cha 2021 linati anthu 430 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndipo mwa maiko osauka, pafupifupi 78 pa 100 alionse alibe ngakhale dokotala mmodzi wa makutu, mphuno ndi pakhosi pa anthu 1 miliyoni. M'chaka cha 2017 dziko la Malawi linali ndi madokotala otere awiri okha pa anthu pafupifupi 17 miliyoni.

Sikuti palibe chomwe chachitika. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre chili ndi nthambi ya makutu, mphuno ndi pakhosi, komanso malo oyezera kumva omwe anatsegulidwa m'chaka cha 2016. Ku Lilongwe, kupatula chipatala chachikulu cha Kamuzu, kuli malo oyezera kumva pa African Bible College. Ma clinical officer ena anaphunzitsidwa mwapadera za makutu n'kutumizidwa m'zipatala za m'maboma. Koma anthu ambiri m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo khomo lawo loyamba ndi chipatala chaching'ono. Si chipatala chaching'ono chilichonse chomwe chili ndi otoscope yogwira ntchito, ndipo pomwe ilipo imafuna mabatire ndi munthu wozolowera kuigwiritsa ntchito. Pamzere wa odwala malungo, amayi oyembekezera ndi ana otsekula m'mimba, wodandaula khutu amaoneka ngati wabwera kudzacheza. Popanda chounikira, n'kosavuta kum'lembera mankhwala opha tizilombo ndi panado n'kumubweza, pomwe mankhwala amenewo sasungunula phula.

Kutumiza wodwala kuchipatala chachikulu nako si yankho lodalirika. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'chaka cha 2017 anatsatira ana 150 a m'boma la Thyolo omwe anatumizidwa ku Queen Elizabeth chifukwa cha mavuto a makutu ndi kumva. Omwe anakafika anali asanu okha. Makolo anatchula kutalika kwa mtunda, ndalama ya thiransipoti, mantha a chipatala chachikulu ndi kusamvetsa bwino zomwe anauzidwa. Thyolo ndi Blantyre ndi maboma oyandikana. Ngati ana a mavuto aakulu sanathe kufika, sitingayembekezere kuti munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akwere basi chifukwa cha phula. Iyeyo atenga machesi.

Umboni woti zinthu zingasinthe unachokeranso ku Thyolo komweko. Alangizi a zaumoyo ataphunzitsidwa za makutu kwa masiku atatu okha, anapeza anthu oposa 1,700 m'midzi mwawo omwe amaoneka kuti ali ndi vuto la khutu kapena la kumva, ndipo pafupifupi theka la iwo anabwera kudzayezedwa pomwe thandizo linafika pafupi. Kusiyana kwa asanu pa 150 ndi theka la 1,700 kukuonetsa kuti anthu sakana thandizo, amagonja ndi mtunda.

Zomwe zachitika ku England

Vutoli si la maiko osauka okha, ndipo Amalawi omwe amakhala ku United Kingdom alikumanapo nalo. Kale ku England kuchotsa phula inali ntchito yaulere ya namwino pachipatala cha m'dera. M'zaka zapitazi zipatala zambiri za m'madera zinasiya kupereka thandizoli, ngakhale bungwe lopereka malangizo a zachipatala kumeneko la NICE linanena m'chaka cha 2018 kuti lizipezeka pafupi ndi anthu. M'chaka cha 2024, bungwe lomenyera ufulu wa anthu a vuto la kumva la RNID linati anthu pafupifupi 10 miliyoni ku England amakhala m'madera omwe thandizo laulereli kulibe. Okhala ndi ndalama amalipira mapaundi 50 mpaka 100 kuzipatala zolipira. Opanda ndalama ambiri amayesa okha ndi zomwe ali nazo m'nyumba.

Phunziro lake ndi lomveka. Thandizo laling'ono likachoka pafupi ndi anthu, vuto silichoka nalo. Limangosamukira m'nyumba, n'kudzabwerera kuchipatala litasanduka bala, mafinya kapena kanembanemba koboola, zomwe zimadya ndalama ndi nthawi yambiri kuposa phula lija.

Chofunika kusintha n'chiyani?

M'chaka cha 2023, WHO inati mavuto oposa 60 pa 100 alionse a makutu ndi kumva angathe kupezeka ndi kuthandizidwa pachipatala chaching'ono, ndipo inatulutsa buku lophunzitsira ogwira ntchito zaumoyo a m'madera. Kuchotsa phula ndi limodzi mwa maluso omwe ali m'bukuli. Zofunika pa ntchitoyi ndi zochepa: otoscope, sirinji, kambale, madzi oyera ofunda, madontho ofewetsera ndi munthu wophunzitsidwa.

Choncho mafunso oyenera kufunsa unduna wa zaumoyo, makhonsolo ndi makomiti a zipatala ndi achindunji. Kodi chipatala chathu chili ndi chounikira m'khutu chogwira ntchito? Ndani anaphunzitsidwa kutsuka khutu? Kodi madontho ofewetsa phula amapezeka m'famase? Kodi achipatala akapita kusukulu kukapereka katemera kapena mankhwala a njoka za m'mimba, sangaunikenso makutu a ana? Kodi okalamba obwera kudzatenga mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi mwezi ndi mwezi amaunikidwapo m'khutu? Phula likamathera pachipatala chaching'ono, madokotala ochepa omwe tili nawo adzatsala ndi nthawi ya odwala ofunika opaleshoni.

Pomwe zimenezi zikudikira, gawo lanu lilipo. Khutu likatsekeka, yambani pachipatala chapafupi, mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo pemphani mwaulemu kuti akuunikeni m'khutu asanakulembereni mankhwala. Ngati chounikira palibe, pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma lanu, ndipo mufunse tsiku lomwe woona za makutu amapezeka kuti musawononge thiransipoti pachabe. M'zipatala za boma thandizo la odwala wamba ndi laulere, pomwe za mishoni ndi za anthu zimalipiritsa, choncho funsani mtengo asanayambe.

Aphunzitsi ndi makolo, mwana yemwe amangoti "mwati chiyani?", amene amakweza wailesi kwambiri, kapena amene amatembenuzira khutu limodzi kwa wolankhula, mukamuunikitse musanamutchule wosamva. Chimodzimodzi agogo omwe ayamba kukhala chete pamacheza. Mwina ndi ukalamba ndithu, mwina ndi matenda ofunika dokotala wamkulu. Koma mwinanso ndi kachidutswa ka phula kosaposa nyemba, ndipo njira yokha yodziwira ndi kuti wina wodziwa ayang'anemo.